Nankafumbwe wamkulu ndi abale ake: mbiri ya dzina la mu 1878

 Lero ndabwera ndi nkhani ya kachirombo kosakwana n'komwe theka la sentimita kutalika kwake, koma kamene kanasintha kasungidwe ka chimanga kuyambira ku Tanzania mpaka kuno kwathu. Alangizi a zaulimi amakatchula kuti nankafumbwe wamkulu, pamene akatswiri a sayansi amakatchula kuti Prostephanus truncatus. Ndikufuna tilondoloze limodzi mbiri ya dzina limeneli. Analipereka ndani? Anakasiyanitsa bwanji kachiromboka ndi abale ake? Nanga zinatheka bwanji kuti ntchito imene munthu wina anagwira ali khale pa tebulo ku America mu 1878 idzathandize alimi a ku Africa patapita zaka zoposa 100?

Ndikulemba izi chifukwa mutu wa kagawidwe ka zamoyo m'magulu ndi umodzi mwa mitu imene ana athu amanyinyirika nayo m'kalasi ya Bayoloje. Amati ndi mayina a Chilatini ongoloweza pamtima kuti akhoze mayeso basi. Ine ndikuti mutu umenewu ndi wa m'nkhokwe ya agogo awo, ndipo mbiri ikundichitira umboni.

Dzina limodzi, tizirombo tambiri

M'Chichewa tili ndi mawu amodzi akuti nankafumbwe. Tikaona mabowo ndi fumbi m'chimanga timangoti chafumbwa, nkhani yathera pomwepo. Koma mutati mutape chimanga chofumbwa n'kuchisefa pa pepala loyera, mupeza kuti tizirombo tomwe tagwa sitofanana ayi. Tina tili ndi kamlomo kotalika ngati chitamba cha njovu. Tina n'tobulungira ngati kachidutswa ka waya, mutu osaoneka. Tina n'tofiirira, tophwatalala, tothamanga kwambiri, ndipo timakonda ufa ndi chimanga chosweka kale. Makolo athu sankavutika kutisiyanitsa chifukwa njira zodzitetezera zinali zomwezo kwa tonse: kuumitsa bwino, kusunga chimanga cha makolo cholimba chija ndi makoko ake, ndi kuthira phulusa.

Tonse tatchulidwati tili m'khamu lalikulu la zikumbu, tizirombo ta mapiko akunja olimba ngati chikamba. Mitundu ya zikumbu imene inalembedwa ndi kupatsidwa mayina ndi pafupifupi 400,000, ndipo chaka chilichonse akatswiri amawonjezera ina yatsopano. Khamu lotere silingayendetsedwe popanda malamulo. Chiyambi cha malamulowo ndi chaka cha 1758, pamene katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anatulutsa kachikhumi buku lake lotchedwa Systema Naturae. M'bukumo nyama iliyonse anaipatsa mayina awiri. Loyamba ndi la gulu, ndipo ine ndimauza ana kuti lili ngati chiwongo, monga Phiri kapena Banda. Lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo, ngati dzina lakelake la munthu.

Pambuyo pa Linnaeus panakhazikika mfundo zina zimene zikugwirabe ntchito. Wopeza mtundu watsopano ayenera kusindikiza mafotokozedwe ake, osati kungolengeza pakamwa. Ayenera kunena chimene chikusiyanitsa mtunduwo ndi ina yofanana nawo. Ayeneranso kusunga chitsanzo chenicheni chimene wachifotokozacho, chobayidwa pa pini ndi kakalata konena kumene chinapezeka, kuti wina akadzakayika adzapite kukachiona ndi maso ake. Ndipo anthu awiri akatcha mtundu umodzi mayina awiri osiyana, dzina limene linayamba kusindikizidwa ndi lomwe limakhala.

Dokotala wa ku Philadelphia

George Henry Horn anabadwa mu 1840 mumzinda wa Philadelphia ku United States ndipo anamwalira mu 1897. Ntchito yake yodyera inali ya udokotala. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America anagwira ntchito ngati dokotala wa asilikali kumadzulo kwa dzikolo, ku California ndi madera oyandikana nawo, kuyambira 1862 mpaka 1866. Anzake akamapuma, iye ankagudubuza miyala ndi kusenda makungwa a mitengo kufunafuna zikumbu. Atabwerera kwawo anapitiriza kuchiza odwala, koma nthawi yotsala yonse ankaithera pa zikumbu pamodzi ndi mnzake wamkulu, John Lawrence LeConte. Awiriwa anatulutsa mu 1883 buku lalikulu la kagawidwe ka zikumbu za ku North America. Horn yekha anatcha mayina mitundu yoposa 1,500.

Mu 1878 Horn anasindikiza kafukufuku wake wa zikumbu za banja la Bostrichidae zopezeka ku United States, m'magazini ya bungwe la American Philosophical Society. Banja limeneli ndi la zikumbu zoboola mitengo youma. Ngati munaonapo ufa wosalala ukugwa kuchokera ku phaso kapena ku mtanda wa denga, mwakumanapo nawo a m'banjali.

Taganizirani momwe ntchitoyo inkagwiridwira m'masiku amenewo. Kunalibe kompyuta, kunalibe kuyeza DNA. Munthu ankakhala ndi mabokosi a zikumbu zobayidwa pa mapini, mandala okulitsira zinthu, ndi mabuku a amene anamutsogolera. Ankatenga kachikumbu kamodzi, n'kuwerenga mfundo za tinyanga take, n'kuyang'ana ngati timaenje ta pa mapiko tandandalikana m'mizere kapena tangomwazikana, n'kuona kaumbidwe ka chishango cha pachifuwa, kenako n'kuyerekeza ndi mtundu uliwonse wodziwika kale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi inali yotero ndithu.

Pakati pa zikumbu zimene Horn anaziunika panali kena kabulauni woderako, kobulungira, kamene kumapeto kwa mapiko ake kunali kotsetsereka mwadzidzidzi ngati wina wadula ndi mpeni. Kanali kofanana ndi mtundu wina wotchedwa punctatus, umene katswiri wakale Thomas Say anali ataufotokoza zaka zambiri m'mbuyomo, komabe Horn anaona kuti kanali kosiyana nawo. Anakaika m'gulu la Dinoderus n'kukapatsa dzina lakuti truncatus, mawu a Chilatini otanthauza chodulidwa nsonga. Choncho dzina loyamba la nankafumbwe wamkulu linali Dinoderus truncatus.

Onani kuti dzinali silikunena kanthu za chimanga, nkhokwe kapena njala. Likungonena za kaonekedwe ka kumbuyo kwa kachiromboka. Kwa Horn kanali kamodzi chabe mwa tizikumbu tambirimbiri ta m'mitengo, ndipo anakalemba m'mizere yowerengeka n'kupitirira kwa kena.

Lesne asintha chiwongo

M'masiku a Horn dzina la Dinoderus linali ngati dengu lalikulu momwe ankaponyamo mitundu yambiri yofananako, imene lero ili m'magulu osiyanasiyana. Amene anadzalongosola dengulo ndi Pierre Lesne, Mfalansa amene anabadwa mu 1871 n'kumwalira mu 1949, yemwe ankagwira ntchito ku myuziyamu ya zachilengedwe ya ku Paris. Lesne anathera moyo wake wonse pa banja la Bostrichidae la dziko lonse lapansi. Mu 1898 anakhazikitsa gulu latsopano la Prostephanus n'kusamutsiramo mtundu wa Horn uja. Mtundu wa Say nawonso uli m'gulu lomweli. Mitundu yonse ya gululi kwawo ndi ku America, ndipo mwa yonseyo ndi truncatus yekha amene amawononga zokolola zosungidwa.

Apa pali kanthu kamene ngakhale aphunzitsi ena timangokadutsa. M'mabuku a zaulimi dzina lonse limalembedwa motere: Prostephanus truncatus (Horn). Dzina la Horn lili m'mabulaketi mwadala. Lamulo limati mtundu ukasamutsidwa kuchoka m'gulu limene woutcha dzina anauikamo poyamba, dzina la munthuyo lizilembedwa m'mabulaketi. Chiwongo chinasintha, koma dzina lakuti truncatus linatsala chifukwa ndi limene linayamba, ndipo ulemu unatsalabe kwa Horn. Mabulaketi awiriwo akusimba mbiri ya zaka 20, kuchokera 1878 kufika 1898.

Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti Lesne anafika kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1928 ndi 1929 anali ku Mozambique, kumene anatolera tizirombo tambiri, kuphatikizapo ta m'chigwa cha Zambezi. Pa nthawiyo kachikumbu kamene anakasinthira chiwongo kanali kasanaponde nthaka ya Africa. Kanali kwawo ku Mexico ndi ku Central America, kumene kamakhala m'mitengo ya kutchire ndipo kamalowanso m'nkhokwe za alimi.

Kusiyanitsa abale

Tsopano tiyeni tione zizindikiro zimene akatswiri amagwiritsa ntchito, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi kachiromboka kali ndi chitamba? Ngati kali nacho, ameneyo ndi nankafumbwe wathu wakale, wa gulu la Sitophilus, ndipo si wa m'banja la Bostrichidae n'komwe. Kawirikawiri amakhala ndi timadontho tinayi tofiirira pa mapiko. Wamkazi amaboola kabowo kakang'ono pa njere, n'kuikiramo dzira, n'kumata. Mphutsi imakulira m'kati mwa njereyo osaoneka, ndiye chikomekome cha mkuyu chija, m'kati muli nyerere.

Ngati chitamba palibe, ndipo mukayang'ana kuchokera pamwamba mutu sukuoneka chifukwa wapindikira pansi pa chishango cha pachifuwa chokhala ndi timano kutsogolo kwake, mwagwira wa m'banja la Bostrichidae. Tinyanga take timathera ndi mfundo zitatu zazikulu. M'nkhokwe mungapezeke atatu a m'banjali, ndipo apa m'pofunika mandala.

Woyamba ndi Rhyzopertha dominica, amene anafotokozedwa ndi Fabricius mu 1792. Ndi wowonda, wa mamilimita 2 mpaka 3, ndipo kumbuyo kwake n'kozungulira bwinobwino. Amakonda kwambiri tirigu, mpunga ndi mapira. Wachiwiri ndi Dinoderus minutus, uja amaboola nsungwi zimene timalukira nkhokwe, malichero ndi madengu, ndipo amapezekanso m'makaka. Iyeyu ndi wamfupi, wonenepa, wozunguliranso kumbuyo, ndipo ali ndi timaenje tiwiri kumunsi kwa chishango chake. Wachitatu ndiye Prostephanus truncatus, wa mamilimita 3 mpaka 4.5. Mukamuyang'ana cha m'mbali, kumapeto kwa mapiko kumatsika mwadzidzidzi ngati phompho. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, kumbuyoko kumaoneka kwa makona ngati bokosi, ndipo m'mphepete mwake muli timizere totumphuka. Chizindikiro chimene Horn anatengerapo dzina mu 1878 ndi chomwecho chimene mlangizi amayang'ana lero.

Kadyedwe kake nakonso n'kosiyana. Nankafumbwe wamkulu amaboola mabowo ozungulira bwino, amadutsa njere imodzi kulowa inzake, amalowa m'chitsononkho, ndipo amasiya ufa wochuluka zedi chifukwa amaboola zambiri kuposa zimene amadya. Wamkazi amakumba timapanga m'mbali mwa ngalande yake n'kuikiramo mazira. Nyengo ikakhala yotentha cha m'ma 32 digiri ndi chinyezi chokwanira, kuchoka pa dzira kufika pa chikumbu chachikulu sipatha ngakhale mwezi wathunthu.

Musaganize kuti kusiyanitsa abale kumakhala kophweka chonchi nthawi zonse. Nankafumbwe wa chitamba uja anazunguza akatswiri kwa zaka zoposa 100. Linnaeus anafotokoza wa mu mpunga mu 1763, amene lero ndi Sitophilus oryzae. Mu 1855 katswiri wa ku Russia, Victor Motschulsky, anafotokoza wa m'chimanga n'kumutcha Sitophilus zeamais. Koma awiriwa amafanana kwambiri moti ambiri ankati ndi mtundu umodzi, wina wamkulu wina wamng'ono. Mkanganowo unatha mu 1961 kudzera mu ntchito ya Guillermo Kuschel, katswiri wobadwira ku Chile, ndipo njira yodalirika yowasiyanitsira ndi kutumbula kachiromboko n'kuyang'ana ziwalo zoberekera pa mayikulosikopu. Chiwalo cha wamwamuna wa zeamais chili ndi tingalande tiwiri pamwamba pake, pamene cha oryzae n'chosalala. Kunja angakupusitseni, koma m'kati sanama.

Mlendo afika ku Tabora

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 alimi a m'chigawo cha Tabora ku Tanzania anayamba kudandaula za kachirombo kachilendo. Chimanga chimene kale chinkawafikitsa ku zokolola zina chinkasanduka ufa patangopita miyezi yochepa. Anakapatsa mayina awoawo. Ena ankati dumuzi, kutanthauza wakuba. Ena ankati Scania, poyerekeza kaumbidwe kake ndi malole akuluakulu aja. Ku Kenya pambuyo pake anadzakatcha Osama. Mayina oterewa amaonetsa kupweteka mtima kwa anthu, koma sangakuuzeni kumene mdani wachokera.

Mu 1981 kunatuluka lipoti loyamba lotsimikiza kuti kachirombo ka ku Tabora ndi Prostephanus truncatus wa ku Mexico ndi Central America. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti anawoloka nyanja ali m'katundu wa mbewu zochokera kunja. Kafukufuku amene Hodges, Dunstan, Magazini ndi Golob anasindikiza mu 1983 anaonetsa kuti m'nkhokwe zina chimanga chinkapepuka ndi 34 peresenti m'miyezi 3 mpaka 6 yokha. Kafukufuku wina wa ku Tanzania komweko anapeza kuti chinangwa chouma chinkatha kuwonongeka mpaka 70 peresenti m'miyezi 4. Tangoganizani banja limene linakolola matumba 10, n'kupeza kuti oposa atatu asanduka fumbi mvula isanagwe n'komwe.

Kachiromboka kanapezeka ku Kenya mu 1983 ndi ku Burundi mu 1984. Mu 1984 momwemo kanapezekanso kutali, ku Togo kumadzulo kwa Africa, ndipo kuchokera kumeneko kanafalikira ku Benin, Ghana ndi mayiko ena oyandikana nawo.

Phindu la kudziwa dzina

Wina angafunse kuti, kodi dzina la Chilatini linapulumutsa bwanji chimanga? Ndikupatsani mayankho anayi.

Loyamba ndi la mankhwala. Ufa wothira m'chimanga umene unali wodziwika pa nthawiyo unali wa mtundu wa organophosphate, monga pirimiphos-methyl amene ali mu Actellic. Mankhwalawa amapha bwino nankafumbwe wa chitamba, koma a m'banja la Bostrichidae amawapirira. Amene amapha bwino a m'banjali ndi a mtundu wa pyrethroid, monga permethrin, amenenso sagwira bwino kwa wa chitamba uja. Atangodziwa banja la mlendoyu, akatswiri anadziwanso chifukwa chake mankhwala akale ankalephera. Anaphatikiza awiriwo, pirimiphos-methyl 1.6 peresenti ndi permethrin 0.3 peresenti, ndipo ndi mmene anabadwira Actellic Super. Mawu akuti Super aja, amene ambiri tinkangowaona ngati kutsatsa malonda, anabwera chifukwa cha kachikumbu ka Horn. Mankhwala ena anadza pambuyo pake ndi mayina ena.

Lachiwiri ndi la kasungidwe. Zinapezeka kuti nankafumbwe wamkulu amaswana bwino pa chimanga chosatonola, chifukwa njere zimakhala zokhazikika pa chitsononkho ndipo amapeza popondera poboola. Pajatu ndi woboola mitengo. Pa chimanga chotonola njere zimasuntha ndipo amavutikirapo. Makoko amene ankathandiza kutsekereza nankafumbwe wakale, iye amangowaboola. Ndiye uphungu unasintha: tonolani, thirani mankhwala, sungani m'matumba, ndipo zitsononkho ndi zinyalala za m'nkhokwe yakale muziwotche.

Lachitatu ndi la misampha. Nankafumbwe wamkulu wamwamuna akapeza chakudya amatulutsa fungo loitana anzake, aamuna ndi aakazi omwe. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Britain anazindikira mankhwala a m'fungolo n'kuwapanga m'labotale pa dzina lakuti Trunc-call. Ndi fungo limeneli anatha kutchera misampha m'malire a mayiko ndi m'midzi kuti adziwe kumene kachiromboka kafika. Misamphayo inaululanso chinthu chowawa. Ku Kenya inagwira anankafumbwe aakulu m'nkhalango ya Tsavo, kutali ndi minda ya chimanga, kusonyeza kuti anali atakhazikika m'mitengo ya kutchire monga amachitira kwawo. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti kumuthetseratu n'kosatheka, chotsala n'kuphunzira kukhala naye.

Lachinayi ndi la mdani wake wachilengedwe. Ukadziwa kwawo kwa mlendo umadziwa kokafunsa mbiri yake. Akatswiri anapita ku Central America n'kupeza kuti kumeneko kuli kachikumbu kena kakuda, konyezimira, ka banja la Histeridae, kamene kamadya mazira ndi mphutsi za nankafumbwe wamkulu. Kamamulondola potsata fungo lake loitanira anzake lija. Nakonso kanali ndi dzina kale, chifukwa Mngelezi George Lewis anakafotokoza mu 1891. Lero kamatchedwa Teretrius nigrescens, ngakhale mabuku a m'ma 1980 ndi 1990 amakalemba kuti Teretriosoma nigrescens. Atakayesa mokwanira kuti sikadzasanduka vuto lina, anakamasula ku Togo mu 1991 ndi ku Kenya mu 1992, kenako m'mayiko enanso. M'madera ena chiwerengero cha anankafumbwe aakulu ogwidwa m'misampha chinatsika kwambiri, m'madera ena chinangotsika pang'ono.

Mayankho anayi onsewa atsamira pa chinthu chimodzi. Munthu wina anayenera kutenga kachirombo ka ku Tabora, kukayerekeza ndi mafotokozedwe ndi zitsanzo zosungidwa, n'kunena motsimikiza kuti aka si Rhyzopertha, si Dinoderus, koma ndi kaja ka Horn. Akanalakwitsa, akanapita kukafuna mdani wake ku dziko lolakwika.

Kufika kwake ku Malawi

Kuno kwathu nankafumbwe wamkulu anapezeka koyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'boma la Karonga limene lachita malire ndi Tanzania. Ku Zambia anapezeka mu 1993. Kachiromboka kamauluka, koma ulendo wautali kamayenda pa lole, pa basi ndi pa njinga, m'matumba a chimanga ndi makaka. Choncho m'zaka zotsatira kanatsikira ku chigawo chapakati ndi chakumwera potsata misewu ya malonda.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira kuti pakhomo pa mlimi ankapadziwira nkhokwe. Lero m'midzi yambiri chimanga chili m'matumba kuchipinda. Zifukwa zake n'zingapo. Umbava ndi chimodzi, makamaka kuyambira pa njala ya 2002. Mbewu za haibulidi zofewa, zimene makoko ake sakuta bwino nsonga, ndi chifukwa china. Koma nankafumbwe wamkulu ali nawo m'gulu la zifukwazo, chifukwa nkhokwe ya nsungwi ndi mitengo, yodzaza chimanga chosatonola, kwa iye ndi chakudya ndi nyumba yomwe.

Pambuyo pake kunabwera njira zosungira popanda mankhwala, monga nkhokwe za malata zotseka bwino ndi matumba a PICS. Matumbawa anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, ndipo anayamba kufalitsidwa mu 2007 kumadzulo kwa Africa posungira khobwe, kenako anayamba kugwiritsidwa ntchito pa chimanga. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga bwino, tizirombo timatha mpweya n'kufa. Koma apanso kudziwa mdani n'kofunika. Nankafumbwe wamkulu amatha kuboola pulasitiki, ndiye thumba loterolo limafuna chimanga chouma bwino, chopetedwa, choikidwa msanga chisanafumbwe, ndipo lisagundane ndi matumba ofumbwa kale.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga

Anzanga, mutu wa kagawidwe ka zamoyo sufuna labotale yodula. Uzani ana abweretse chimanga chofumbwa chodzaza dzanja limodzi m'botolo lotseka bwino, ena makaka, ena kachidutswa ka nsungwi yofumbwa. Sefani pa pepala loyera. Ngati sukulu ili ndi mandala awiri kapena atatu, akwana, ndipo kamera ya foni nayonso imakulitsa ndithu. Asiyeni anawo apange okha kiyi ya mafunso a inde kapena ayi. Chitamba chilipo? Mutu ukuoneka kuchokera pamwamba? Kumbuyo n'kozungulira kapena n'kodulidwa? Mwana amene wasiyanitsa Prostephanus ndi Rhyzopertha ndi maso ake wagwira ntchito yomwe Horn ankagwira, ndipo sadzafunsanso kuti mayina awiriwa ndi a chiyani. Mukamaliza, tizirombo tonse tiphedwe ndi madzi otentha, tisatayidwe kuseri kwa kalasi, kuopa kuti sukulu ingakhale yofalitsa mliri.

Inu a History, nkhaniyi ndi yanunso. Chimanga ndi chinangwa zonse zinachokera ku America ndipo zinafika mu Africa pambuyo pa maulendo a panyanja a Apwitikizi. Zinakhala kuno zaka mazana angapo popanda mdani ameneyu, mpaka malonda a m'zaka za m'ma 1900 anadzamubweretsa. Inu a Agriculture, mukamaphunzitsa kasungidwe ka zokolola, fotokozani chifukwa chimene mankhwala amaphatikizidwira awiri, osangotchula mayina a pa botolo.

Ndipo inu ophunzira anga akale, kaya muli m'tauni kaya kunja kwa dziko, ambiri mumatumiza ndalama kumudzi zogulira feteleza, koma za kasungidwe simufunsa. Mukaimba foni kumudzi mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, funsani ngati pansi pa matumba pakuoneka ufa. Ngati ulipo wambiri, auzeni atape tizirombo tingapo m'kabotolo apite nato kwa alangizi asanagule mankhwala aliwonse pamsika.

Amene mwayesa phunziro la botololi m'kalasi mwanu, ndiuzeni mitundu imene ana anu apeza ndi boma limene muli. Ndikufuna tione ngati ku Karonga, ku Dedza ndi ku Nsanje tikupeza zofanana.